Ayezi wa kutsidya kwa Anacostia: mbiri ya timu ya ana ya Fort Dupont Cannons

Mzinda wa Washington, likulu la dziko la America, unadulidwa pawiri ndi mtsinje wa Anacostia. Alendo ambiri amathera tsidya la kumadzulo, kumene kuli White House, nyumba ya malamulo ndi maofesi a akazembe. Tsidya la kum'mawa ndi kumene kuli mbali yaikulu ya madera awiri a khonsolo, Ward 7 ndi Ward 8, ndipo okhala kumeneko ambiri ndi anthu akuda. Kwa zaka zambiri zipatala zabwino, masitolo akuluakulu ndi ntchito zakhala zikuchedwa kuwoloka mtsinjewu. Koma pali chinthu chimodzi chimene chinawoloka, chimene ngakhale madera olemera a mzindawu analibe, ndicho bwalo la ayezi la m'nyumba lotsegukira aliyense, Fort Dupont Ice Arena. Pabwalo limeneli, mu 1978, a Neal Henderson anayambitsa timu ya ana ya hockey ya pa ayezi, Fort Dupont Ice Hockey Club, imene anthu amangoitchula kuti ma Cannons. Mwa makalabu onse a hockey a ku North America amene anakhazikitsidwa pofuna kutsegulira khomo ana akuda ndi a mitundu ina yosalidwa, iyi ndiyo yakale kuposa onse.

Munthu sangamvetse chifukwa chake timu ya ana ya pabwalo limodzi lokalamba inafika potchuka chotere ngati sanayambe wamvetsa masewerawo, makamaka mtengo wake.

Hockey imene ambiri tinaionapo ndi ya pa kapinga, yomenya mpira wolimba ndi ndodo yokhota. Ya pa ayezi ndi ina. Osewera amavala ma skate, nsapato zolimba zokhala ndi chitsulo chopyapyala kunsi, ndipo amatsetsereka pabwalo la mamita 61 mulitali ndi 26 mulifupi, lotchingidwa ndi matabwa ndi magalasi kuzungulira. M'malo mwa mpira pamakhala kachimbale kakuda ka labala wolimba kotchedwa puck, kolemera pafupifupi magalamu 170. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, mmodzi mwa iwo goloboyi, ndipo masewera a akuluakulu amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Liwiro lake ndi lotopetsa moti wosewera satha mphindi imodzi asanatuluke kukapuma, mnzake n'kulumphira m'bwalo masewera ali mkati. Ndiye kuti ngakhale timu ya ana imafuna osewera khumi ndi angapo, ndipo aliyense ayenera kubwera atavala zida zake zonse: chipewa cholimba chokhala ndi chotchinga kumaso, zotetezera mapewa, zigongono ndi miyendo, magulovu okhuthala, kabudula wa zotchinjiriza mkati, ndodo imene imathyoka, ndi ma skate amene phazi la mwana limawakana pakangotha chaka kapena ziwiri. Za goloboyi ndiye zimadula kuposa apa. Kafukufuku wa bungwe la Aspen Institute wa mu 2019 anapeza kuti pa masewera onse a ana ku America, hockey ndiyo inkadya ndalama zambiri, madola opitirira 2,500 pachaka pa mwana mmodzi.

Komabe zida si vuto lalikulu, chifukwa zida munthu angabwereke kapena kuvala zosiyidwa ndi mnzake. Vuto ndi ayezi. Mpira wamiyendo ana amauyamba ndi chikulunga cha mapepala apulasitiki ndi miyala iwiri yoikira zigoli, ndipo pofika zaka khumi mwana amakhala atasewera maola osawerengeka popanda wolipira kanthu. Pa hockey, mwana asanaganize n'komwe za kugoletsa, ayenera kuphunzira kuima pa chitsulo chopyapyala chija, kunyamuka, kukhota, kuima mwadzidzidzi, kuyenda chafutambuyo. Zonsezi zimaphunziridwa pa ayezi pokha. Ku Canada ndi kumadera a kumpoto kwa America monga Minnesota, maiwe amaundana m'nyengo yozizira ndipo ayezi amakhala waulere. Ku Washington kumazizira ndithu, koma osati mokwanira kuti munthu adalire dziwe. Ayezi wake ndi wochita kupanga: pansi pa bwalo pamayalidwa mapaipi oyendamo madzi a mankhwala ozizira kwambiri, makina amagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo pakapita kanthawi galimoto yotchedwa Zamboni imalowa kukapala pamwamba pokandikapo n'kuthira madzi atsopano kuti paundane posalala. Magetsi a zonsezi ndi ambiri. N'chifukwa chake eni mabwalo amagulitsa ayezi pa ola, ola limodzi madola mazana angapo, ndipo maola abwino amapita kwa amene ali ndi ndalama. Amene akufunsa chifukwa chake hockey ku America yakhala ya azungu a m'madera olemera kunja kwa mizinda, theka la yankho lili pamenepa. Kumene kuli bwalo n'kumene kumachokera osewera.

Theka linalo ndi tsankho lenileni, ndipo Washington ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Mu 1941 mumzindawu munatsegulidwa Uline Arena, nyumba yaikulu ya masewera ya Miguel Uline, amene analemera ndi bizinesi yopanga ayezi. Anthu akuda ankaloledwa kulowamo kukaonera nkhonya, koma pa hockey ndi zionetsero zina za pa ayezi ankabwezedwa pakhomo. Anthu anachita zionetsero pakhomo pa nyumbayo kwa nthawi yaitali, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali mphunzitsi wa zamasewera Edwin B. Henderson, mpaka lamuloli linachotsedwa mu 1948. Taganizani: makolo a ana oyamba a ma Cannons anabadwa pa nthawi imene ngakhale kungoonera hockey kunali koletsedwa kwa iwo. Wina akamati anthu akuda alibe chidwi ndi masewera a pa ayezi, ayambe wafotokoza kuti chidwicho chikanamera pati.

Ndipotu anthu akuda anayamba kalekale kusewera hockey. Mu 1895, ku Halifax m'chigawo cha Nova Scotia ku Canada, atsogoleri a mipingo ya Baptist ya anthu akuda anayambitsa ligi yawo, Colored Hockey League, zaka 22 isanabadwe NHL, ligi yaikulu ya akatswiri a hockey a ku America ndi Canada. Cholinga chawo china chinali kukokera anyamata kutchalitchi. Koma khomo la NHL linakhala lotseka mpaka pa 18 January 1958, pamene Willie O'Ree, wa ku Fredericton, anasewerera Boston Bruins polimbana ndi Montreal Canadiens. Anali atabisa kuti diso lake lakumanja silinkaona chimenyedwereni ndi puck. Anasewera masewera 45 okha mu NHL, ndipo pambuyo pake panadutsa zaka zambiri popanda wakuda wina. Wachiwiri anali Mike Marson mu 1974, ndipo timu imene inamutenga inali yatsopano, Washington Capitals. Chaka chomwecho Capitals inatenganso wakuda wina, Bill Riley. Timuyo inali yofooka zomvetsa chisoni, inapambana masewera 8 okha mwa 80 m'nyengo yake yoyamba, komanso inkasewerera kunja kwa mzinda, ku Landover m'chigawo cha Maryland. Ngakhale zinali choncho, ana a ku Washington anali ataona ndi maso awo munthu wakhungu ngati lawo atavala yunifolomu ya timu ya kwawo. Patangotha zaka ziwiri, mu 1976, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki, National Park Service, inatsegula bwalo la ayezi m'paki ya Fort Dupont. Chimene chinatsala ndi munthu woti aziwaphunzitsa.

A Neal Henderson anabadwa mu 1937 pachilumba cha St. Croix, ku Virgin Islands, kumalo otentha kumene ayezi amapezeka m'firiji mokha. Bambo awo ankagwira ntchito ya m'sitima zapamadzi, ndipo ntchitoyo inafikitsa banja lawo ku St. Catharines m'chigawo cha Ontario ku Canada pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kumeneko ndi kumene anaphunzirira hockey ali mwana, monga mwana aliyense wa m'deralo. Atakula analowa gulu la asilikali a ndege la America, anasewera m'matimu ang'onoang'ono a akuluakulu, kenako anadzakhazikika m'dera la Washington. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti anayamba ndi kuthira madzi panjira yolowera galimoto pakhomo pawo, ku Maryland, kuti usiku aundane, n'kumaphunzitsirapo mwana wawo ndi ana a anansi. Ayezi wotere sakhalitsa, dzuwa likangotuluka bwino amasungunuka. Ana atachuluka, a Henderson anayamba kuchita lendi maola ku Fort Dupont, ndipo kalabu inabadwa motero.

Dzina la timu ndi mitundu ya yunifolomu sizinasankhidwe mwangozi. Fort Dupont linali limodzi mwa malinga adothi amene anamangidwa kuzungulira Washington pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, nkhondo imene inathetsa ukapolo ku America. Linatchedwa dzina la mkulu wa asilikali apamadzi, Samuel Francis Du Pont. Dzina lakuti Cannons likunena mizinga ya pa lingalo. Yunifolomu ndi yakuda, yagolide ndi yoyera, ndipo a Henderson amafotokozera ana kuti wakuda ukuimira asilikali akuda a pa nkhondoyo, wagolide ukuimira mabatani amkuwa a pa malaya awo, ndipo woyera ukuimira akuluakulu a usilikali amene ankawalamulira, amene anali azungu. Mbiri ikugwirizana nawo pa mfundo yomalizayi: amuna akuda pafupifupi 180,000 anamenya nkhondo ku mbali ya boma, koma maudindo akuluakulu pafupifupi onse anali a azungu. Ine ndimaona kuti mtundu woyerawo ndi umene ukusonyeza bwino maganizo a mkuluyu. Akanatha kuusiya, n'kupanga yunifolomu yongonyadira. Anauika, kuti mwana akamavala aziona mbiri yonse, yokoma ndi yowawa yomwe.

Kayendetsedwe ka kalabuyi n'kosavuta kukafotokoza, kuvuta kwake n'kukachita zaka makumi anayi osalekeza. Imalandira anyamata ndi atsikana kuyambira a zaka pafupifupi 8 mpaka omaliza sekondale. Zida zambiri ndi zopatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo zimayenda m'manja: mwana akakula, ma skate ake amatsikira kwa wamng'ono. Makochi ndi anthu ongodzipereka, ena mwa iwo ana akale a timu yomweyo. Ndalama imene kholo limapereka ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi makalabu a kunja kwa mzinda. Ndiye pali lamulo limene aliyense wodutsa m'manja mwa Coach Neal, monga amawatchulira, amalikumbukira: lipoti la kusukulu liyenera kufika kwa kochi. Mwana amene magiredi ake atsika amauzidwa kuti ayambe wakonza za m'kalasi, ayezi amudikira.

Lamuloli silachilendo, makochi ambiri a ana amalinena. Kusiyana kwake n'kwakuti pa hockey limaluma. Mnyamata amene wachotsedwa pa timu ya basketball amangopita pabwalo la m'mbali mwa msewu n'kukasewera ndi anzake madzulo omwewo, kochi n'kutsala ndi lamulo lake m'manja. Wa hockey alibe kolowera. Bwalo ndi limodzi, zida ndi za kalabu, ola la pa ayezi lili m'manja mwa kochi. Kusowa kwa ayezi komwe kuja, kumene kunatsekera ana akuda kunja kwa masewerawa, a Henderson anakusandutsa chingwe chokokera ana kusukulu. Ichi ndicho ndimachiona kuti ndi nzeru yeniyeni ya ma Cannons, ndipo sichisiyana kwenikweni ndi zimene abusa a ku Halifax aja ankachita mu 1895.

Tisaiwale nthawi imene zonsezi zinkachitika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mankhwala ozunguza bongo otchedwa crack anasefukira mu Washington, ndipo kuphana kunakwera mpaka mzindawu unapatsidwa dzina loipa lakuti likulu la kuphana. Mu 1991 mokha anthu opitirira 470 anaphedwa, mumzinda wa anthu pafupifupi 600,000, ndipo madera a kutsidya kwa Anacostia anali m'gulu la amene anavutika kwambiri. Kholo la ku Ward 7 la nthawi imeneyo silinkaganiza za NHL potumiza mwana ku Fort Dupont. Linkafuna kudziwa kumene mwana ali madzulo, ndi munthu wamkulu amene ali naye. Sindikunena kuti hockey inapulumutsa dera, ayi, timu ya ana makumi angapo singachite zimenezo. Koma kwa banja limodzilimodzi, maola amenewo anali a mtengo wapatali.

Panalinso maulendo. Popeza mumzinda munalibe matimu ena ambiri oti n'kusewera nawo, ma Cannons ankapita kumabwalo a ku Maryland, Virginia ndi kutali kuposa apo, kumene nthawi zambiri iwo okha ndiwo anali akuda m'nyumba yonse. Osewera akuda a hockey, ana ndi akulu omwe, akhala akumva mawu achipongwe kuchokera kwa ochemerera ndi osewera anzawo, ndipo zimenezi si za kale lokha. Mu 2012 Joel Ward wa Capitals atagoletsa chigoli chimene chinatulutsa Boston mumpikisano, anatukwanidwa pa intaneti chifukwa cha khungu lake. Mu February 2018 ochemerera ena ku Chicago anatulutsidwa m'bwalo chifukwa chokuwiza Devante Smith-Pelly, wa Capitals yemweyo, ndi mawu akuti basketball, kutanthauza kuti wasochera, masewera a mtundu wake ndi amenewo. Ngati zimachitikira akatswiri pamaso pa makamera, mwana wa zaka 12 pabwalo la kutali sangazipewe. Kochi wa timu ngati iyi amakhala ndi ntchito ina imene anzake a matimu olemera alibe, yophunzitsa mwana kuugwira mtima ali ndi ndodo m'manja.

Chiopsezo chachikulu pa moyo wa kalabuyi sichinachokere kwa otukwana. Chinachokera ku bajeti. Mu 1996 National Park Service inakonza zotseka bwalo la Fort Dupont, poti kuliyendetsa kunkadya ndalama zambiri. Likanatsekedwa, ma Cannons akanatsala ndi kochi, ana ndi zida, koma popanda poponda. Makolo ndi anthu ena okonda masewera a pa ayezi anakhazikitsa bungwe losachita phindu, Friends of Fort Dupont Ice Arena, n'kutenga udindo woyendetsa bwalolo. Njira imene anapeza ndi yochenjera: maola ena ankachititsa lendi kwa matimu a sukulu ndi makalabu amene ali ndi ndalama, ndipo zimene ankapeza, pamodzi ndi thandizo la opereka mwaufulu, zinkalipirira pulogalamu yotchedwa Kids On Ice, imene imaphunzitsa ana a m'deralo mwaulere kapena pamtengo wotsika. Anthu ena amasokoneza mabungwe awiriwa. Ma Cannons ndi kalabu ya hockey ya a Henderson, pamene Friends ndiwo anasunga nyumbayo. Koma wina popanda mnzake sakanafika patali. Mu 2010 boma lalikulu linapereka malowo m'manja mwa boma la mzinda wa Washington.

Bwalolo linatulutsanso zipatso zina kupatula hockey. Maame Biney, amene anabadwira ku Accra ku Ghana n'kusamukira ku America ali wamng'ono, anaphunzira mpikisano wothamanga pa ayezi kudzera m'mapulogalamu a ku Fort Dupont. Mu 2018 anakhala mkazi wakuda woyamba kuimira America pa Olimpiki pa mpikisano wa mtundu umenewu wa pabwalo lalifupi.

Nanga NHL inali kuti nthawi yonseyi? Inafika mochedwa. Ma Cannons anali atatha kale zaka pafupifupi khumi pamene ku New York kunayamba pulogalamu yofanana nayo, Ice Hockey in Harlem, mu 1987. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi pamene ligiyi inakhazikitsa komiti yoona zokopa anthu a mitundu ina, ntchito imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina lakuti Hockey Is For Everyone, ndipo mu 1998 inaitana Willie O'Ree, amene panthawiyo ankagwira ntchito pahotela ina ku California, kuti akhale kazembe wake. O'Ree anayendera makalabu ngati amenewa m'mizinda yambiri. Mu 2005 mwini wa Philadelphia Flyers, Ed Snider, anayambitsa bungwe lake la hockey ya ana, la ndalama zambiri, limene linafika pokonzanso mabwalo a boma a mumzinda wa Philadelphia. Zonsezi n'zabwino. Kungoti mbiri ikamakambidwa ndi ligi, imamveka ngati ligiyo ndiyo inayambitsa ntchitoyi, pamene zoona zake n'zakuti inapeza anthu ngati a Henderson ali kale m'munda, n'kuwaika pansi pa ambulera yake.

Funso limene anthu okonda mpikisano amafunsa ndi lakuti: timuyi yatulutsa akatswiri angati? Ngati tikunena za NHL, ma Cannons sadziwika ndi zimenezo, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Mwana amene akulowera ku NHL amayamba ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, amakhala pa ayezi pafupifupi tsiku lililonse, amalowa matimu oyendayenda amene amadya madola masauzande ambiri pachaka, ndipo makolo amamulembera makochi apadera. Kalabu yokumana kangapo pa sabata m'nyengo yozizira, ndi ana amene ena ayamba ali ndi zaka khumi, singapikisane ndi zimenezo. Pamenepa pali malire enieni a mapulogalamu a m'madera ngati awa, ndipo ndi bwino kuwanena poyera: amatsegula khomo loyamba, koma makwerero opita pamwamba akadali a olemera.

Zimene kalabuyi yatulutsa ndi za mtundu wina. Ana opitirira chikwi adutsamo. Ralph Featherstone anachoka ku Fort Dupont n'kupita kusukulu ya asilikali apamadzi, United States Naval Academy, kumene anakhala kaputeni wa timu ya hockey, kenako anakwera maudindo m'gulu la Marines, ndipo anabwerera kudzathandiza kuphunzitsa ana pabwalo lomwe anakulira. Duante' Abercrombie, wina wa ana a Coach Neal, anasankha ukochi, anagwirako ntchito ndi makochi a timu ya NHL ya Toronto Maple Leafs, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala kochi wamkulu woyamba wa timu ya hockey ya Tennessee State University. Yunivesite imeneyi ndi imodzi mwa sukulu zakale zimene zinamangidwira anthu akuda pa nthawi ya tsankho, ndipo ndiyo yoyamba mwa izo kulengeza zoyambitsa timu ya hockey. Kwa masewera amene vuto lake lalikulu ndi kusowa kwa akuluakulu owaphunzitsa m'madera a anthu akuda, kutulutsa kochi mmodzi mwina n'kofunika kuposa kutulutsa wosewera mmodzi wotchuka.

Ulemu unabwera a Henderson atadutsa zaka 80, ndipo unabwera motsatizana. Mu 2018 NHL inayambitsa mphotho ya Willie O'Ree Community Hero Award, ndipo iwo anali mmodzi mwa atatu omaliza. Inapita kwa malemu Darcy Haugan, kochi wa Humboldt Broncos, amene anamwalira pa ngozi ya basi imene inapha anthu 16 ku Canada mu April chaka chomwecho. Mu June, Washington Capitals inatenga chikho chachikulu cha NHL, Stanley Cup, koyamba m'mbiri yake itagonjetsa Vegas Golden Knights, ndipo pa masewera omaliza chigoli chofananitsa anagoletsa ndi Smith-Pelly yemwe ankakuwizidwa ku Chicago uja. Patapita masiku ochepa kaputeni Alex Ovechkin ndi mwini timu Ted Leonsis ananyamula chikhocho n'kuwoloka nacho mtsinje, kukachionetsa kwa ana a ku Fort Dupont. Mu December 2019 a Henderson analowetsedwa m'nyumba ya ulemu ya hockey ya ku America, United States Hockey Hall of Fame, munthu wakuda woyamba kulandira ulemu umenewu. Mwambowo unachitikira mu Washington momwemo, ndipo mmodzi mwa amene analowa nawo limodzi anali Gary Bettman, mkulu wa NHL yonse.

Chaka chomwecho cha 2019, nkhani ya nyumbayo inabukanso. Bwalo la mu 1976 linali litakalamba, ndipo kwa zaka zambiri panali lonjezo lomanga latsopano, lokhala ndi mabwalo awiri kuti maola achuluke. Kumayambiriro kwa chakacho, boma la mzinda motsogozedwa ndi meya Muriel Bowser linafuna kusamutsa ndalama zimene zinasungidwira ntchitoyi, madola pafupifupi 21 miliyoni, kuti zikakonzere sukulu. Mkangano wake unali wovuta kuuweruza, chifukwa ana ofuna makalasi abwino ndi ana ofuna ayezi anali a mzinda umodzi, ena a dera limodzi. Panakhala kukambirana, NHL ndi eni a Capitals anaponyapo thandizo, ndipo ntchitoyo inabwereranso pa ndondomeko, ngakhale mochedwa ndi mocheperako kuposa maloto oyamba aja. Mu 2023 bwalo lakale linatsekedwa kuti amange latsopano. Pa nthawi yomangayo, mapulogalamu a ana a ku Fort Dupont anayenera kupempha maola m'mabwalo ena a kutali ndi kwawo, ndipo kwa kholo lopanda galimoto, mtunda wokha umakwana kuti mwana asiye masewera.